Mmene mungapitire ku Oxford kukamvera lekicha ya ndakatulo osalipira khobidi pakhomo

Amalawi ambiri amene tili kuno ku UK ku Oxford tinafikako, koma tinene zoona, zomwe timakachitako ndi zimodzimodzi: kutsika basi, kujambulitsa patsogolo pa Radcliffe Camera nyumba yozungulira ija, kuponya pa Facebook, kenako liwiro la ku Bicester Village kukasaka nsapato zotsika mtengo. Palibe cholakwika, ndalama ndi zanu. Koma pali chinthu china chaulere chomwe ambiri sitichidziwa. Katatu pachaka munthu amene ali pa mpando wa Professor of Poetry, pulofesa wa ndakatulo pa yunivesite ya Oxford, amakamba lekicha ya ndakatulo, ndipo aliyense amaloledwa kulowa, safunsa digiri, safunsa kuti mumaphunzira koleji iti, munthu wa ntchito ya care amene wangoweruka shifiti amatha kukhala moyandikana ndi pulofesa wa imvi mbuu ndipo palibe amamuyang'ana kawiri. Chovuta si pakhomo ayi. Chovuta ndi kudziwa tsiku, kupeza malo ake, ndi kusatayika mutu lekicha ikayamba. Nde tiyeni tizione chimodzi chimodzi.

Kaye mudziwe chomwe mukukamvera. Mpando umenewu unayamba mu 1708, ndipo chodabwitsa chake n'choti munthu sachita kulembedwa ntchito ndi mabwana, amachita kuvoteredwa ndi anthu amene anamaliza maphunziro awo pa Oxford. Kale lekicha imeneyi imakambidwa m'Chilatini mpaka pomwe Matthew Arnold anatenga mpandowu mu 1857 n'kuyamba kuyankhula Chingerezi, nde thokozani iyeyo kkkk. Anakhalapo mlakatuli wotchuka W. H. Auden, anakhalapo Seamus Heaney wa ku Ireland kuyambira 1989 mpaka 1994, Simon Armitage anapambana mu 2015 pomwe Wole Soyinka wa ku Nigeria anapikisana nawo n'kukhala wachiwiri. Mzimayi woyamba kugwira ntchitoyi anali Alice Oswald mu 2019, tangoganizani, patapita zaka zoposa 300. Mu 2023 anasankhidwa A. E. Stallings, mlakatuli wa ku America yemwe amakhala ku Athens ndipo amamasulira ndakatulo zakale za Chigiriki ndi Chilatini. Masiku ano munthu amakhala pa mpandowu zaka zinayi ndipo ntchito yake yaikulu ndi lekicha imodzi pa teremu iliyonse.

Choyamba penipeni ndi kalendala, ndipo apa ndi pomwe ambiri amagwa. Oxford ili ndi materemu atatu ndipo ndi aafupi zedi, masabata 8 basi iliyonse. Michaelmas imayamba kumayambiriro kwa Okutobala mpaka kumayambiriro kwa Disembala, Hilary pakati pa Januwale mpaka pakati pa Malichi, Trinity kumapeto kwa Epulo mpaka cha pakati pa Juni. Ndiye onani, Julaye, Ogasiti ndi Sepitembala, miyezi yomwe abale ambiri ochokera kumudzi amabwera kudzacheza chifukwa kunja kwafundako, ndi nthawi yomwe sukulu ili pa holide, mukapeza alendo okhaokha atanyamula makamera, lekicha palibe. Ngati muli ndi mlendo wokonda zolembalemba, aphunzitsi a Chingerezi opuma ntchito aja kaya malume olemba ndakatulo, muuzeni abwere mu Meyi kapena kumayambiriro kwa Juni, kunja kumakhala kowala mpaka cha m'ma 9 usiku.

China, anthu a kumeneko tsiku salitchula ngati ife. Mutha kuona atalemba kuti Thursday of 5th Week osaika deti. Musadabwe, amawerenga masabata a teremu kuyambira 1 mpaka 8 ndipo sabata iliyonse imayamba Lamulungu. Lowani pa intaneti, sakani Oxford term dates, muone Lamulungu lomwe teremu ikuyambira, muwerenge ndi zala mpaka sabata yachisanu, mupeze Lachinayi lake. Mukatero lembani mufoni ndipo mupemphe off kuntchito msanga rota isanatuluke, chifukwa lekichayi imakhala mkati mwa sabata madzulo, nthawi zambiri cha m'ma 5 kapena hafu pasiti 5, si ya pa wikendi.

Chachiwiri, komwe mungapeze chilengezo. Pitani pa webusaiti ya Faculty of English ya Oxford pa gawo la events, kapena ingolembani Professor of Poetry lecture Oxford pa Google. Pomwepo muonanso malekicha ena a zolembalemba, a TORCH omwe ndi likulu lawo la kafukufuku wa maphunziro a zachikhalidwe ndi zolemba, a African Studies Centre omwe nthawi zina amaitana olemba a ku Africa, ndi ena a m'makoleji. Werengani mawu ang'onoang'ono a m'munsi aja. Akalemba kuti all welcome kapena open to the public, imeneyo ndi yanu. Akalemba kuti members of the University only, musavutike, si tsankho, ndi kalasi ya ana asukulu chabe. Akati booking required, lembetsani pompo, tikiti ndi yaulere koma mipando imatha, ndipo imelo yotsimikizira ija muijambule screenshot chifukwa m'nyumba zamiyala zakalezi netiweki imathawa pomwe mukuifuna. Musasokoneze ndi Oxford Literary Festival yomwe imachitika cha mu Malichi kapena Epulo, imeneyo ndi yabwino ndithu koma zambiri zake n'zolipira.

Chachitatu, muonetsetse malo. Ife tinazolowera ku Chanco kuti ukafika pa Chirunga wafika, Great Hall ukuiona, laibulale ili apo. Oxford siili choncho, ilibe geti limodzi loti apa ndi pa yunivesite. Ndi makoleji oposa 30 omwazikana mutauni yonse, osakanikirana ndi mashopu, mabanki ndi malo omwera mowa, nde ukafunsa munthu kuti yunivesite ili kuti amangomwetulira chifukwa waimamo kale. Malekicha a Professor of Poetry kwa zaka zambiri akhala akuchitikira ku Examination Schools, chinyumba chachikulu cha pa High Street chomwe chinamalizidwa mu 1882, momwe ana amalembera mayeso. Koma musangoganiza kuti ndi komweko nthawi zonse, mu 2025 anatsegula nyumba yatsopano ya Schwarzman Centre cha ku Woodstock Road komwe a Chingerezi anasamukira, ndipo kuchokera pa High Street kukafika uko ndi kaulendo ndithu wapansi. Onani malo pa chilengezo, muonenso kachiwiri m'mawa wa tsikulo. Komanso pali yunivesite ina, Oxford Brookes, ku Headington, basi yochokera ku London imaima kumeneko isanalowe mutauni, musatsike poona chikwangwani cholembedwa University.

Tsopano mayendedwe. Ngati muli ku London muli ndi njira zitatu. Sitima ya GWR kuchokera ku Paddington, pafupifupi ola limodzi. Sitima ya Chiltern kuchokera ku Marylebone, ola ndi mphindi zingapo, imeneyi imadutsa ku Bicester Village, limbani mtima musatsike, ndipo imaimanso pa Oxford Parkway pomwe si mutauni, dikirani siteshoni yongolembedwa Oxford. Oyster yanu, khadi lolipirira mayendedwe mu London lija, kumeneko sigwira ntchito, gulani tikiti, ya Off-Peak Return imatsikirako mtengo. Njira yachitatu yomwe ine ndimaikonda ndi Oxford Tube, dzina lisakupusitseni, si sitima ya pansi pa nthaka koma basi yaikulu yosanjikiza yomwe imanyamuka pafupi ndi Victoria, imayenda usana ndi usiku, ndiyotchipa kuposa sitima, ndipo ubwino wake waukulu imakutsitsani pa Queen's Lane pa High Street pomwe Examination Schools ili pafupi pomwepo. Kuipa kwake ndi trafiki, ulendo umatha kukwana maola awiri makamaka madzulo potuluka mu London, nde musanyamuke 3 koloko n'kumati mufika. A ku Birmingham, Coventry, Manchester kuli sitima za CrossCountry zofika ku Oxford osasintha. Wochokera pa bwalo la ndege la Heathrow kapena Gatwick kuli basi yotchedwa The Airline.

Za galimoto ndikuuzeni mosabisa, isiyeni kunja kwa tauni. Pakati pa Oxford pali misewu ya mabasi okhaokha, High Street yomweyo ili ndi kamera, simuona wapolisi aliyense wokuimitsani, mudzangolandira kalata ya faini kunyumba patapita masiku. Imikani pa Park and Ride, Thornhill ngati mukuchokera mbali ya London, Pear Tree ngati mukuchokera kumpoto, Redbridge kummwera, mukwere basi yolowa mutauni.

Mukatsikira pa siteshoni ya sitima, yendani wapansi, mphindi ngati 20. Tengani Park End Street, New Road, Queen Street, mufika pa mphambano ya Carfax pomwe pali nsanja ya wotchi, pitirirani molunjika ndiye High Street imeneyo. Examination Schools ili kudzanja lamanja mukangopitirira University College. Mukaona kuti mwafika pa mlatho wa Magdalen ndiye mwapitirira, bwererani.

Fikani masana, osati nthawi ya lekicha yeniyeniyo, chifukwa pali zoti muone ndipo zina zimatikhudza ife. Pa High Street pomwepo, moyang'anizana ndi tchalitchi cha St Mary, kwezani maso pa khoma la Oriel College, muona chiboliboli cha Cecil Rhodes, yemwe uja dzina lake linali pa Northern ndi Southern Rhodesia, kampani yake inathandizanso ndi ndalama boma la atsamunda kwathu ku Nyasaland masiku oyambirira. Ana asukulu anachita zionetsero mu 2015 ndi 2020 kuti chitsitsidwe, mu 2021 koleji inati sichotsa, nde chikadali pompo. Ambiri amadutsa osachiona chifukwa chili m'mwamba. Komanso mu 1857 David Livingstone anayankhula ku Oxford ndi ku Cambridge, ndipo zokamba zakezo ndi zomwe zinabala mishoni ya Anglican ya UMCA, ija inatumiza Bishopu Charles Mackenzie ku Magomero mu 1861, kenako n'kudzamanga tchalitchi chachikulu cha pa Likoma. A Anglican akwathu, mpingo wanu unayambira m'maholo ngati momwe mukukakhalamo madzulo ano.

Mukatero khoterani ku Radcliffe Square, jambulitsani ndithu sindikuletsani, mudutse pabwalo la Bodleian Library yomwe inatsegulidwa mu 1602, mutulukire ku Broad Street. Kumeneko kuli Weston Library, kulowa n'kwaulere, amaonetsa mabuku akale ndi zolemba pamanja za olemba otchuka, muli kafe, muli zimbudzi zaukhondo, muli kotentha, m'nyengo yozizira amenewa ndi malo anu odikirira. Pafupi pomwepo pali Blackwell's, shopu ya mabuku ya mu 1879, kunja imaoneka kakhomo kakang'ono koma tsikani masitepe mukaone Norrington Room, chipinda cha pansi pa nthaka chodzaza mabuku mbali zonse. Funsani shelefu ya poetry, tengani buku la mlakatuli yemwe mukukamumverayo, werengani ndakatulo ziwiri zitatu mutaima pompo, palibe akuthamangitseni. Ngati thumba likulola gulani, mwina mupeza mpata woti akusainireni.

Makoleji ambiri amalola alendo masana okha ndipo ena monga Christ Church amalipiritsa. Pageti la koleji iliyonse pali kachipinda kotchedwa Porters' Lodge, anthu a mmenemo ndi amene amadziwa chilichonse, ngati lekicha yanu ili mkati mwa koleji ingonenani kuti mwabwerera lekicha yakutiyakuti, akulozerani njira ndipo simulipira ya alendo ija. Kapinga wa pakati pa bwalo musapondepo olo aoneke wokongola bwanji.

Idyani musanalowe. Ku Covered Market, msika wofolera wa mu 1774 womwe uli pafupi ndi Carfax, mumapezeka zakudya zotentha, kapena ingogulani meal deal mu supamaketi mukadyere pa benchi. Lekicha ya ndakatulo ndi njala sizigwirizana, holo imakhala chete moti mimba ikalira mzere wonse umamva. Zovala musavutike nazo, suti ndi ya ukwati, kuno anthu amabwera ndi majuzi akale ndi zipewa za njinga m'manja. Chofunika ndi jekete yotentha, ambulera, ndi nsapato zafulati chifukwa miyala ya pa Radcliffe Square imathyola zidendene. Mukapita mu Meyi kapena Juni mukumana ndi ana atavala zakuda ndi zoyera ndi mikanjo, duwa pachifuwa, amenewo akuchokera ku mayeso, loyera ndi la pepala loyamba, lapinki la pakati, lofiira ndiye kuti lero wamaliza.

Pakhomo fikani kukadali mphindi 30 kapena kuposa, makamaka ngati ili yoti wofika msanga ndiye wakhala. Nthawi yathu ija yoti 5 koloko ndi 6 koloko isiyeni pa Victoria. Mumva ena akunena kuti Oxford ili ndi nthawi yakeyake yotsalira mphindi 5 pa ya London, n'zoona mwambowo ulipo, belu la Great Tom ku Christ Church limalira ka 101 nthawi ya 9:05 usiku chifukwa cha zomwezo, koma musadalire zimenezo, holo ikadzaza yadzaza. Mukalowa yang'anani ngati pakhomo kapena pamipando pali pepala la ndakatulo zomwe akambe, litengeni, limeneli ndiye chida chanu chachikulu. Khalani chakutsogolo koma chakumbali, maholo akalewa ali ndi denga lalitali ndipo kumbuyo mawu amamveka mobwereza. Foni ikhale pa silent yeniyeni osati vibrate, gulu la WhatsApp la kumudzi silidziwa kuti muli mu lekicha.

Tsopano lekicha yeniyeniyo, apa ndi pomwe ndikufuna ndikhalitsepo pang'ono. Imatenga pafupifupi ola, ndipo nthawi zambiri mlakatuli sabwera kudzalakatula ndakatulo zake ayi, amatenga mutu umodzi, kaya nyimbo ya mawu, kaya mmene mzere umathyokera, kaya ndakatulo imodzi ya munthu amene anamwalira kalekale, n'kumaisenda pang'onopang'ono. Mphindi 10 zoyamba mutha kumva ngati mwalowa kolakwika, maina a Agiriki akugwa motsatizana, anthu akuseka nthabwala yomwe inu simunaimve, gogo wa pambali panu akugwedeza mutu ngati anali pomwepo Homer, mlakatuli wakale wa Chigiriki, akulemba. Musataye mtima, theka la ogwedeza mituwo nawonso sakumva zonse. Njira yake ndi iyi, musalimbane ndi kugwira chiganizo chilichonse. Maso akhale pa pepala lija, akamawerenga ndakatulo mokweza tsatirani ndi chala, mverani pomwe akupumira, pomwe mawu akugunda, pomwe wachedwetsa dala. Ife tinakula tikumva ndakatulo pa wailesi ndi pa misonkhano tisanazione m'buku, khutu limenelo muli nalo kale, ligwiritseni ntchito. Dzina lomwe simukulidziwa lilembeni m'mphepete mwa pepala mmene mwalimvera, mukalisaka pa basi pobwerera. Mukatuluka ndi mfundo imodzi yokha yomwe yakugwirani ndi ndakatulo imodzi yoti mukawerengenso, ulendo wanu walipira.

Kukonzekera kwabwino kuposa konse ndi kumvera lekicha yakale musanapite. Yunivesite imaika malekicha ambiri pa University of Oxford Podcasts, a Simon Armitage ndi a Alice Oswald alipo, aulere. Mverani imodzi mukutsuka mbale kuti khutu lizolowere liwiro ndi kayankhulidwe kake. Musajambule vidiyo muholo popanda chilolezo, ndipo n'kutaya batire chabe popeza eni ake amajambula bwino kuposa foni yanu.

Pomaliza anthu amaomba m'manja, mokwanira koma mwaulemu, nthungululu sungani. Nthawi zina kumakhala mafunso, nthawi zina wapampando amangothokoza basi anthu n'kumavala majekete. Mafunso akakhalapo ndipo mwalimba mtima, chonde abale, funso likhale funso. Zija timachita kwathu zoyamba ndi kuthokoza a mfumu, a wapampando ndi onse mwa maudindo awo, kenako mbiri ya moyo wako, kenako ndemanga ya mphindi 5, kuno wogwira maikolofoni ayamba kukuyandikira. Ziganizo ziwiri, chachiwiricho chithere ndi funso. Ngati mukuchita manyazi dikirani pamapeto, alakatuli ambiri amaimako pang'ono kutsogolo, pitani ndi buku lanu, nenani mzere womwe wakusangalatsani, osawapatsa mulu wa ndakatulo zanu kuti akawerenge. Malekicha a m'makoleji kawirikawiri amatha ndi ka drinks reception, wayini ndi juwisi pa tebulo, ngati alengeza kuti nonse ndinu olandiridwa musathawe, pamenepo ndi pomwe mumakumana ndi ana a ku Africa amene akuphunzira kumeneko, ena ndi a Rhodes Scholarship yomwe Amalawi nawonso amaloledwa kufunsira.

Kwa inu amene muli ku Lilongwe, Blantyre, Chipata kaya Tete ndipo mukuwerenga izi mtima ukudya, kunena chilungamo musakalimbane ndi viza ya UK ndi tikiti ya ndege chifukwa cha lekicha ya ola limodzi, ma podcast aja ndi omwewo, dawunilodani pa WiFi kapena pa bandulo ya usiku. Koma ngati ulendo ulipo kale, wa graduation ya mwana kaya wa msonkhano wa kuntchito, onani madeti a teremu musanagule tikiti, kusuntha ulendo ndi masiku ochepa kutha kukulowetsani muholo muja.

Zobwerera konzeranitu. Mu Novembala ndi Januwale mdima umagwa isanakwane 5 koloko, nde mukatuluka kunja kuli bii ndipo kukuzizira, onani nthawi ya sitima yanu musanazimitse foni, makamaka a kumpoto chifukwa sitima zopita kutali zimachepa usiku. A ku London palibe chodetsa nkhawa, Oxford Tube imakwezanso pa High Street pomwepo, kungoti pofika pamenepo nthawi zina imakhala itadzaza, nde ngati muli angapo ndi bwino kuyenda mpaka ku Gloucester Green komwe imayambira. Ndipo ngati mwatsala ndi kanthawi, wolokani mlatho wa Magdalen mulowe Cowley Road, kuli mashopu a zakudya za ku Africa ndi ku Asia omwe ena amatseka mochedwa, mutha kugulako ufa ndi therere musanakwere basi pa St Clement's.